Injini ya pa Thebulo ku Braunstone

Ine njinga yamoto ya pa sino sindinaikwerepo, ndipo sindinaionepo ikuyenda kupatula pa kanema. Koma mutandidzutsa lero n'kundifunsa kuti yakale ndi yatsopano zimasiyana pati, ndikhoza kukufotokozerani mpaka mutatopa nane. Ndinaziphunzira m'khitchini ya nyumba ya khonsolo ku Braunstone, mu mzinda wa Leicester, kumene kulibe phiri loti munthu n'kulitchula phiri, ndipo sino, chipale chofewa chija, imagwa mwa apo ndi apo n'kusungunuka tsiku lomwelo.

Munali m'zaka zakumapeto kwa ma 2000. Ndinkakhala ku Highfields, m'kanyumba kamene tinkachita lendi ndi mnzanga wa ku Zambia, nesi wa pachipatala chachikulu. Ntchito yanga inali yoyenda khomo ndi khomo, kusambitsa okalamba, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala ndi chakudya, kulemba m'buku la m'nyumbamo zimene ndachita, kenako n'kuthamangira basi. Kwathu ku Chikwawa ndinali mphunzitsi, ndipo miyezi yoyamba ndinkadzikumbutsa zimenezi kawirikawiri, makamaka ndikamatsuka chimbudzi cha munthu amene sanandipatse ngakhale moni. Pambuyo pake ndinaleka, chifukwa uphunzitsiwo sunkafulumizitsa basi.

Kwa bambo a ku Braunstone ndinkapitako kawiri pa tsiku, m'mawa ndi masana, ndipo madzulo kunkapita wina. Anali mzungu wamtali, wazaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, wodwala matenda aja onjenjemeretsa manja ndi kuumitsa miyendo. Anabadwira ku Leicester komweko, koma ali mnyamata anapita ku Canada kukagwira ntchito yokonza nthambo za magetsi m'mapiri. Akazi awo atamwalira anabwerera kuti adzakhale pafupi ndi mlongo wawo, koma mlongoyo nayenso sanakhalitse. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamwamuna, anatsala kutsidya konko. Anandiuza kuti ndiziwatchula dzina lawo loyamba monga amachitira kuno, koma lilime langa linakana. Ndinkangoti bambo, iwo n'kuzolowera.

Tsiku loyamba lenilenilo, ndisanavule n'komwe jekete, anandiuza mawu amene ankauza aliyense wolowa pakhomo pawo.

"Ine m'nyumba muno ndidzatuluka atandinyamula. Kunyumba yosungira okalamba sindipita, umve zimenezo."

Kumeneko ankakuopa kuposa imfa, ndipo sankabisa. Ndinayankha kuti ndamva, ndipo ndinamvadi.

Chimene chinandipsetsa mtima m'nyumbamo linali thebulo la kukhitchini. Pathebulopo panali injini. Injini yeniyeni, yakuda bii, yaikulu ngati kreti ya zakumwa, itakhala pa manyuzipepala akale, ndipo timabawuti ndi tinati tili m'timbale ta tiyi. Khitchini yonse inkanunkha oyilo. Phala ndinkawaikira pakona pa thebulo, pamalo osakwana chikhatho, ndipo tsiku lina ndinapeza kanati m'mbale ya shuga. Ndinawafunsa mwaulemu, mtima ukuwira, ngati tingaichotse chinthucho n'kukachiika panja.

"Imeneyo inkandibweza kunyumba wamoyo kwa zaka zambiri," anatero. "Njinga yake inatsala kumapiri, inatha ndi dzimbiri. Ndinakwanitsa kubwera ndi injini yokhayi. Ikhala pomwepo."

Anandionetsa chithunzi kuti ndidziwe chimene ndikunyoza. Ndi njinga yamoto yopanda mateyala. Kutsogolo ili ndi tizitsulo tiwiri tatitali totsetsereka pa sino, ndipo kumbuyo kuli lamba wamphira wamkulu wokhala ndi mano, amene amazungulira n'kumakankha njingayo. Pachithunzipo anali ataima pambali pake, ndevu zitayera ndi chisanu, kumbuyo kwawo kuli mtengo wa magetsi umene sino inali itaumeza mpaka pakati. Ndinati ndi yokongola, ngakhale inkaoneka ngati bafa limene wina waliika zogwirira.

Mwana wawo ankawatumizira magazini a njinga zimenezi, ndipo magaziniwo ndi amene ankayambitsa nkhondo. Akafika, bambo ankavala magalasi, n'kutsegula pamene olembawo ayerekeza njinga zakale za kumapiri ndi zatsopano, kenako n'kuyamba kukangana ndi pepala. Pepala likakana kuyankha, ankatembenukira kwa ine. Ine ndili ndi mphindi zowerengeka, ndikupukuta sinki, maso ali pa wotchi, koma phunziro limayamba basi.

Yakale, ankatero, munthu unkakhala pansi ngati pa benchi. Inali yolemera, lamba wake wamfupi, mano ake aafupi, ndipo sino ikakhala yakuya inkangodzikumbira dzenje n'kukhalamo. Ikatero unkatsika, kupondaponda sino kutsogolo kwake, kunyamula kumbuyo kwake n'kukusuntha, msana ukudandaula. Inalibe giya yobwerera m'mbuyo, ndiye ukalowa polakwika unkaikoka ndi manja. Poilizanso unkakoka chingwe ngati jenereta. Ndipo poti pamwamba pa phiri mpweya umachepa, injini inkayamba kutsamwa, iwe n'kuima pakati pa njira, kuvula magolovesi, kutsegula kabuleta n'kusintha kachitsulo kolowetsa petulo, zala zitauma gwa.

"Nanga zatsopanozi?" ndinkafunsa dala, ndikudziwa kuti ndaputa mavu.

"Zidole," ankatero, akugogoda tsamba ndi chala chonjenjemera. "Taona. Lamba wautali, mano aatali ngati zala zangazi, thupi lopepuka. Wokwera amaimirira kutsogolo ngati akuvina. Petulo ndi mpweya amayeza ndi kakompyuta. Pobwerera m'mbuyo amangodina batani. Ngakhale zogwirira zimafunda zokha. Koma ikazima uli pamwamba pa phiri utsegula chiyani? Mawaya okhaokha. Umangokhala pa sino n'kumadikira kuti wina adzakukoke. Yangayi ndinkaikonza ndi sipanala, pulayala ndi kawaya."

Ine ndinali mbali ya zatsopano, ndipo sindinkabisa. Munthu wobadwira kotentha ngati ku Chikwawa, ukamuuza kuti pali njinga yofunditsa manja, mlandu watha pomwepo. Ndinkawauza kuti kuzunzika si ulemu, ndipo kuti akanakhala ndi batani lobwerera m'mbuyo lija, bwenzi msana wawo ndisakuupaka mankhwala m'mawa uliwonse. Ankaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lina ndinawafunsa kuti ngati zatsopanozo n'zidole, bwanji tsamba lake latha ndi kuligwiragwira pamene la zakale lidakali loyera.

Anandiuza za phiri lina limene nthambo zinkadutsa pamwamba pake. Zaka zonse zimene anagwira ntchito sanakwanitse kulikwera ndi njinga. Ankaisiya pakati n'kumaliza wapansi, zida zili kumsana. Mwana wawo anawauza pafoni kuti masiku ano anyamata amakwera pamenepo mongosewera, n'kutsika, n'kukweranso.

"Ndimachita nsanje," anatero. "Ndikanafuna tsiku limodzi lokha pa yatsopano, ndione pamwambapo ndisanatope. Koma usakauze munthu."

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwakonda bambo aja. Manja awo sankathanso kulowetsa bawuti pamalo pake, choncho masana ndikamaliza ntchito msanga ndinkawabwereka anga. Iwo ankaloza, ine n'kumamasula, kutsuka m'kachitini ka petulo kamene ankasunga pansi pa sinki, n'kumanganso. Injiniyo sinkapita kulikonse, sikanalira n'komwe pathebulopo, koma m'mawa uliwonse inkawadzutsa. Ndinkafika kwa gogo wotsatira zikhadabo zili zakuda, gogoyo n'kumandiyang'ana mokayikira.

Koma thupi lawo linkapita likutha. Pa zaka ziwiri zimene ndinawasamalira ndinawapeza atagwa katatu, kawiri m'bafa ndi kamodzi pansi pa masitepe. Kamodzi ndinapeza gasi ali wotsegula pachitofu, moto kulibe. M'buku ndinalemba kugwa kumodzi kokha. Kawiri konseko anandipempha kuti ndisalembe, ndipo kunena zoona sanafunike kundipempha kwambiri, chifukwa kulemba kuti ndapeza munthu wamkulu ali chigonere pansi opanda chovala, kuti aliyense wolowa aziwerenga, kunkandilemera. Ndinkangolemba kuti asamba, adya, amwa mankhwala, ali bwino. Koma mumtima ndinali ndi nkhawa. Ankafunika zitsulo zogwirira m'bafa, mpando wokwezera pa masitepe, ndi munthu wina wobwera kachinayi pa tsiku. Ndinauza a kuofesi yathu kangapo, iwo n'kumati zimenezo amalamula ndi a khonsolo.

Ndiye kunabwera kalata yoti mayi wina wa kukhonsolo adzabwera kudzaona mmene bambo akukhalira. Iwo anachita mantha. Sabata yonse ankayeserera ngati mwana wa sukulu woyembekezera mayeso. Ankadzuka pampando osagwira ndodo, kuyenda mpaka pa ketulo, kuthira madzi theka lokha kuti asataye, n'kubwerera. Anandiuza kuti tsikulo ndidzawamete ndevu ndi kuwamanga tayi.

"Akakufunsa, ukawauze kuti tikukwanitsa," anatero.

Ndinati chabwino, bambo, musade nkhawa. Koma mumtima ndinati, bambowa nzeru za injini ali nazo, koma anthu a mafomu sakuwadziwa.

Ine ndinkawadziwa, kapena ndinkaganiza choncho. Kwathu madzi akasefukira, kapena mvula ikakana, kunkabwera anthu a mafomu pa galimoto. Tikangomva kulira kwa galimotoyo, amayi ankatuma mchimwene wanga kuti akabise mbuzi kuseri kwa tchire. Akakufunsa kuti mwadya liti, sunkayankha kuti lero. Amene ankati tikuyesetsa, dzina lake linkadumphidwa, ndipo ana ake ankaonerera anzawo akusenza matumba. Palibe ankati limeneli ndi bodza. Umu ndi mmene munthu ankalankhulira ndi fomu, vuto ukalikulitsa thandizo limabwera. Nditakhala mphunzitsi ndinkathandizanso makolo kulemba chimodzimodzi, ndipo ankandithokoza. Choncho ndinatsimikiza mtima kuti bambo aja ndiwapezera zitsulo zawo, mpando wawo ndi munthu wobwera kachinayi uja, kaya iwo afune kaya asafune.

Mayi wa kukhonsolo anafika cham'mawa, ndipo anali munthu waulemu, wolankhula motsitsa mawu. Bambo anakhoza mayeso awo. Anadzuka okha, anaphika tiyi, sanataye ngakhale dontho. Mayiyo ataona injini anafunsa kuti n'chiyani, iwo n'kupeza mpata. Anamufotokozera za lamba wamfupi ndi wautali, za kabuleta ndi kakompyuta, mwadongosolo, osaphonya mawu. Anamuuza kuti yakale imakuzunza koma imakumvera, pamene yatsopano imakusangalatsa koma ikakana yakana. Mayiyo anaseka n'kunena kuti mutu wawo ukugwira bwino kuposa wake. Ine nditaima pasinki ndinaona zitsulo za m'bafa zikuthawa.

Potuluka mayiyo anandipempha kuti ndimuperekeze pageti, ndipo anandifunsa kuti ineyo, amene ndimawaona tsiku ndi tsiku, ndikuona bwanji. Apo ndiye ndinamasuka pakamwa. Ndinati zimene mwaona m'nyumbamu ndi za lero lokha. Ndinati amagwa pafupifupi tsiku lililonse. Ndinati gasi amamusiya wotsegula kawirikawiri, ndipo pansi pa sinki pali petulo. Ndinati ndikamachoka mtima umatsala kuno, chifukwa sindidziwa ngati mawa ndidzawapeze amoyo. Misozi inabwera yokha, sindinachite kuifuna, popeza mbali imeneyo inali yoona. Mayiyo ankalemba mofulumira. Anandigwira paphewa n'kundithokoza chifukwa cha kulimba mtima kwanga.

Ndinakwera basi ndikudzitama mumtima. Nditafika ku Highfields madzulo ndinapeza mnzanga wa ku Zambia uja akusita yunifomu, ndipo ndinamufotokozera zonse ngati munthu amene wapha nyama yaikulu. Anaimika ayironi n'kundiyang'ana.

"Ba sisi, mwakamba chani imwe? Mwati amagwa evure deyi? Na gasi, na petulo?"

"Eya. Kuti awawonjezere maawala owasamalira."

"Kuno si kwathu. Kuno ukakamba so, samakuwonjezera maawala. Amalemba kuti munthu sali sefu kunkhala yekha, manje bamutenga ku keya homu, kosungira okalamba. Asesimenti ija, fomu ya mayi uja, yapita kale mu kompyuta. Muwafonele mailo kuseni, mwina mungaisinthe, koma ine nakayika."

Ndinakhala pampando jekete ndisanavule, ndipo chakudya cha tsiku limenelo sindinachikhudze.

M'mawa mwake ndinaimba foni. Mayi wa kukhonsolo uja kunalibe. Ndinaimbanso masana, anati ali pamsonkhano. Tsiku lachitatu ndinamupeza, ndipo ndinamuuza kuti ndinawonjezera nkhani, kuti anagwa katatu kokha pa zaka ziwiri, kuti gasi kanali kamodzi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati akumvetsa, osamalira ambiri amadziimba mlandu akanena zoona za munthu amene amamukonda, ndipo ndisadzivutitse. Anati anawerenga buku la m'nyumba n'kupeza kugwa kumodzi kokha, pamene ineyo tsopano ndikuti katatu, ndiye zikuonetsa kuti m'nyumbamo mumachitika zambiri zimene sizilembedwa. Kubisa kwanga kwa kale kunasanduka umboni wa bodza langa latsopano.

Ndinapita kuofesi yathu. Mkulu wa ntchito anandikalipira chifukwa cha bukulo, n'kundiuza kuti nkhaniyo yachoka m'manja mwathu. Ndinalemba kalata m'Chingerezi changa chonse cha uphunzitsi, ndinakaipereka ndekha pawindo la kukhonsolo, mtsikana wolandira alendo n'kuiika m'thireyi pamwamba pa makalata ena. Sindikudziwa ngati wina anaiwerenga. Ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo kwathu ndikanakhala pakhomo la ofesi mpaka bwana atatuluka. Kuno kunalibe woti n'kumukalipira. Aliyense anali waulemu, aliyense ankandimvera chisoni, ndipo palibe chimene chinkasuntha.

Anthu anayamba kubwera kwa bambo. Wina anadzayeza masitepe, wina anadzaona chitofu n'kutseka gasi, wina anatenga kachitini ka petulo kaja n'kupita nako. A khonsolo anaimbira foni mwana wa bambo ku Canada n'kumuwerengera zimene zinali pa fomu, ndipo mwanayo, ali kutali choncho, anachita mantha n'kuyamba kuwachonderera bambo ake tsiku ndi tsiku kuti avomere kusamuka. Bambo ankakana. Ankandifunsa kuti zalakwika pati, popeza tiyi anaphika bwinobwino, ndipo ine ndinkangoyang'ana m'sinki. Sindinawauze. M'mawa uliwonse ndili m'basi ndinkakonza mawu, koma ndikatsegula chitseko mawuwo ankabalalika.

Mkati mwa masiku amenewo kunagwa sino yambiri imene anthu a ku Leicester ankati sanaione kwa zaka. Mabasi anaima. Ine ndinayenda wapansi kuchokera ku Highfields, kudutsa m'tauni, kuwoloka mtsinje, mpaka ku Braunstone, ndipo ndinagwa kawiri panjira. Ndinafika nthawi itatha kale, ndinawapeza atakokera mpando pawindo.

"Iyi si sino," anatero asanandipatse moni. "Ndi phala. Yonyowa, yosaya. Pamenepa ngakhale yakale ija ikanadutsa osatuluka thukuta. Yatsopano ikanangowononga mano ake pa tala."

Anali osangalala kuposa masiku onse amene ndinawadziwa. Anandituma kuti ndikatape sino m'mbale, n'kuifinya m'manja mwawo, akundiphunzitsa kusiyana kwake ndi ya kumapiri, imene ankati ndi youma ngati ufa ndipo munthu umamira nayo mpaka m'chiuno. Koma wamadzulo uja tsiku limenelo analephera kufika. Bambo anagona pampando osadya, osamwa mankhwala, m'nyumba mukuzizira. Zimenezi zinalowanso mu fomu, ndipo mwana wawo atazimva analira pafoni. Ndikuganiza kuti kulira kumeneko ndi kumene kunawathyola. Patapita masiku ochepa anasaina.

Tsiku losamuka linali m'mawa wa shifiti yanga. Kunyumba yosungira okalambako ananena kuti atenge zovala, zithunzi ndi tinthu tochepa, koma injini ayi. Imeneyo anati adzaichotsa anthu a khonsolo podzakonza nyumba. Ndinalongedza masutikesi awiri. Nditawafunsa kuti pa mulu wa magazini nditenge ati, analoza atsopano okhaokha.

"Zakalezo ndikuzidziwa kale," anatero.

Kenako anayala kansalu ka mbale pamwamba pa injini, n'kukhala pampando wawo kudikira galimoto. Ndili kuwamanga zingwe za nsapato anayamba kulankhula, maso ali kuwindo. Anati akudziwa amene anawapereka. Anati ndi mwana wawo, ndiye anauza a khonsolo kuti amagwa, pofuna kuti azigona tulo kutsidyako popanda nkhawa. Anati akakafika kumeneko foni yake sadzayankhanso.

"Pa anthu onsewa, iwe wekha ndiwe unali mbali yanga," anatero.

Ndinali nditagwada kale chifukwa cha nsapatozo, ndipo sindinadzuke. Ndinawauza zonse, mmene ndinalankhulira pageti, za gasi, za petulo, za anthu a mafomu a kwathu ndi mbuzi zobisidwa kutchire, za foni ndi kalata zimene sizinaphule kanthu. Ndinati mwana wanu sanalakwe, bambo, ndine. Ndinati ndimafuna akupatseni zitsulo za m'bafa. Mawu amenewa atatuluka anamveka opusa kwambiri, moti ndinalakalaka nditangolowa pansi.

Dzanja lawo linkagunda mkono wa mpando monga linkachitira nthawi zonse, ndipo sindinathe kudziwa ngati ndi matenda kapena mkwiyo.

"Unawauza kuti ndinagwa kangati?"

"Ndinati tsiku lililonse, bambo."

"Kanali kasanu," anatero. "Iwe unadziwa katatu. Kawiriko ndinadzuka ndekha. Zinanditengera ola, koma ndinadzuka ndekha."

Ndinadikira kuti apitirize, andikalipire kapena andikhululukire, chilichonse chimene ndikananyamula n'kupita nacho. Anangondiuza kuti ndidzuke, pansi m'pozizira.

Galimoto inafika, ndipo munatsika mayi wina wa kunyumba yosungira okalambayo, amene bambo anali asanamuonepo. Ndinatenga chikhoti chawo n'kuwaveka mikono. Mabatani sankatha kumanga okha, choncho ndinatambasula manja monga ndinkachitira nthawi zonse tikamatuluka. Iwo anatembenuka pang'onopang'ono, miyendo ikukana, mpaka anayang'anizana ndi mayi wachilendoyo.

"Mayi, tandimangeniko mabataniwa," anatero.

Mayiyo anawamanga. Ndinanyamula masutikesi mpaka kugalimoto, ndipo bambo anakwera osacheuka. Galimoto itakhota pakona ndinabwerera m'nyumba, ndinatsuka makapu awiri, ndinalemba m'buku kuti asamba, adya, amwa mankhwala, asamuka. Ndinakhoma chitseko n'kupita pa siteji ya basi, chifukwa gogo wotsatira anali akundidikira ndipo ndinali nditachedwa kale.